Mapulayimasi a mu Laini ya a Kefasi

Aliyense amene anaphikirapo pa pulayimasi mulokesheni ya St Mary's m'zaka za m'ma 1980 ankawadziwa a Kefasi Chisale. Ankagwira ntchito yawo pamsika wa Huruyadzo, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato, pansi pa kadenga ka malata adzimbiri, atazunguliridwa ndi mabanala, mawasha ndi tizitsulo totokosera. Pulayimasi ikayamba kutsokomola utsi wakuda kapena kulavula palafini, mwini wake ankangoinyamula kupita nayo kwa Achimwene, monga ankawaitanira anthu olankhula Chishona. Anali munthu wamfupi, manja awo ankanunkha palafini ngakhale Lamulungu m'tchalitchi, ndipo thupi lawo linali lolimba. Matenda awo anali amodzi okha, mantha akuti tsiku lina adzawalanda nyumba.

Tisawaseke msanga. A Kefasi anachoka ku Dedza asanamere ndevu kupita kudziko la Ashona, nagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenaka m'khitchini mwa mzungu wina m'tauni, mpaka anapatsidwa nyumba ku St Mary's, yomalizira kumunsi kwa laini, kumene nthaka imatsetserekera kudambo. Nthawi ya atsamunda apolisi a mulokesheni ankagogoda mbandakucha n'kumasuzumira pansi pa mabedi, ndipo a Kefasi anaona ndi maso awo katundu wa mnzawo wa ku Ntcheu ataunjikidwa pamsewu chifukwa chosunga maloja, anthu ochita lendi zipinda m'nyumba za anzawo. Ufulu unabwera, anthu anavina, kugogoda kuja kunatha, koma mantha awo sanamve kuti boma lasintha. Chitupa chawo chinkanenabe kuti ndi mlendo. Ku Dedza kunalibenso wowadziwa, ndipo mwana wawo Laston anali atakwatira ku Bulawayo. Akanachotsedwa m'nyumba imeneyo, iwo ndi akazi awo a Esnath analibe kwina kolowera.

Komabe maloja ankawasunga, chifukwa mulaini monsemo munalibe nyumba yopanda maloja. M'chipinda chakumbuyo munkakhala telala wina dzina lake Ayubu, mkazi wake Tatu ndi khanda lawo. M'khitchini munkagona anyamata a kufakitale, ndipo panja, m'kanyumba ka matabwa, munali banja linanso. Banja lililonse linali ndi pulayimasi yake, moti dzuwa likapendeka laini yonse inkangoti fooo, khomo ndi khomo. Koma chimbudzi chinali chimodzi panyumba iliyonse, ndipo paipi ya suweji imene inkanyamula zonyansa za laini yonse inaikidwa kalekale, anthu akadali ochepa. Dzenje lake lokhala ndi chivundikiro chachitsulo linali kuseri kwa khitchini ya a Kefasi. Mvula ikagwa yambiri, dzenjelo linkabwibwita n'kulavulira pabwalo. A Esnath ankathira phulusa n'kusesa, uku akudandaula kuti amuna awo apite akanene ku khonsolo. A Kefasi ankakana kwamtuwagalu. Ankati munthu wa khonsolo akabwera kudzaona dzenje, maso ake sadzathera padzenjepo.

Ndiye chaka china, nyengo yozizira, Tatu anabwera kuchokera kumsika ndi nkhani yakuti kukuyenda mtsikana wa ku yunivesite, akuchita kafukufuku wa nyumba. Dzina lake anali Florida. Ankalowa nyumba ndi nyumba, osafunsa za lendi, osafunsa chitupa. Ankangopempha kuti amuonetse pophikira. Aphunzitsi ake anamuuza kuti banja ndi anthu amene amadya za mumphika umodzi, choncho iye ankawerenga mapulayimasi kuti adziwe mabanja okhala pakhomo lililonse. Anali atamaliza kale ku Makoni, dera lina la tauni yomweyo, ndipo Lachinayi lotsatira anali woti alowe mulaini ya a Kefasi.

Tsiku limenelo a Kefasi sanakhudze chakudya. Kuntchito anabwezera munthu pulayimasi ataiwala kuikamo washa, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchitoyo. A Esnath anayesa kuwatonthoza kuti mtsikanayo ndi mwana wa sukulu chabe, wovala nsapato za tenesi, koma iwo anati apolisi akale nawonso anali ana a anthu. Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, anasonkhanitsa eni nyumba a mulainimo, Achewa, Ayao ndi Ashona omwe, nawauza kuti zowerengawerengazi amazidziwa bwino. Anati lero abwera ndi kumwetulira, mawa abwera ndi lole. Ena anakayika, koma a Kefasi anali mkulu pa onse, ndipo mantha akalowa mwa munthu mmodzi wolankhula bwino sachedwa kugwira anzake.

Nzeru imene anatulukira inali ya mmisiri, ndipo kunena zoona inali yokongola. Ngati mtsikanayo akuwerenga mapulayimasi, ndiye mapulayimasi achoke. Ndani angadabwe kuona mulu wa mapulayimasi pamalo pa munthu wokonza mapulayimasi?

Lachinayi m'mawa, anthu atangomaliza kuphika phala, a Kefasi anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi wilibala, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Pakhomo lililonse ankasiyapo pulayimasi imodzi yokha. Enawo ankawalongedza akadali ofunda, n'kuwafunditsa chiguduli, n'kukankha mpaka pa Huruyadzo. Anabwerera maulendo angapo. Maloja aamuna analawira kuntchito, aakazi anauzidwa kuti akacheze kwa abale mpaka madzulo, zofunda zawo zinaunjikidwa pamabedi a eni nyumba, ndipo ana amene analibe kopita anaphunzitsidwa kunena kuti ndi adzukulu obwera kudzacheza. Pofika nthawi imene Florida anatulukira kumtunda kwa laini, malowo anali zii, ngati kwa anthu olemera.

Nyumba ya a Kefasi anaifika masana. Anali mtsikana wochepa thupi, waulemu, ndipo anapereka moni wa Chishona akuwomba m'manja. A Esnath anamuyalira mpando. Ali mkati moyang'ana pophikira, a Kefasi anaona matewera a khanda la Tatu ali yaliyali pachingwe kuseri. Ananong'oneza akazi awo m'Chichewa, podalira kuti mlendoyo sakumva, kuti athamange akaanule nsanza za mwana wa loja zija.

"Musanetseke, sekuru, ndiri kunzwa zvese," anatero Florida, kuwauza kuti asavutike, wamva zonse. Anafotokoza kuti bambo ake anachokera ku Mulanje, ndipo iye anakulira pafamu akumva Chichewa tsiku ndi tsiku, kungoti pakamwa pake pamatuluka Chishona.

Munthu wina akanasangalala kupeza mwana wakwawo. Koma osati a Kefasi. M'maganizo mwawo, akuluakulu anali atasankha dala munthu womva chilankhulo chawo kuti asasowe pogwira. Florida anakhala pansi n'kufotokoza mofatsa. Anati sakulemba dzina la munthu kapena nambala ya nyumba. Anati kafukufuku wake ndi wofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu amene akugwiritsa ntchito zimbudzi ndi mapaipi amene anaikidwira anthu ochepa, ndipo okonza mapulani a mzinda anali atalonjeza kuti adzayang'ana zimene apeze posankha kumene ayambire kuika mapaipi aakulu. Analoza ngakhale phulusa limene linali kuseri kwa khitchini, n'kufunsa ngati dzenje lija limasefukira. A Esnath anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma amuna awo anawadula.

"Tilipo awiri, ine ndi amayiwa," anatero a Kefasi. "Matewera ndi a mdzukulu. Dzenje silivuta."

Chakumadzulo, akupita kokwerera basi, Florida anadutsa pa Huruyadzo n'kuwapeza a Kefasi atakhala pafupi ndi mulu uja. Chiguduli chinali chachifupi, miyendo ya mapulayimasi ili tong'o kunja. Mtsikanayo anawerama, nanyamula imodzi. Phala la m'mawa womwewo linali litaumira pambali pake, ndipo m'kati munali palafini wodzaza.

"Ese aya akafa here, sekuru?" anafunsa, kutanthauza ngati onsewo anali owonongeka.

"Onse, mwanawe. Palafini wa masiku ano ndi woipa."

Florida anawayang'ana. Kenaka anayesa Chichewa cha bambo ake, chopunthwapunthwa, chimene mwina anali asanachilankhule chimwalirire iwo.

"Agogo, ndapota nanu. Sindingalembe zimene simunandionetse. Ndionetseni."

Mawu amenewo anawalasa a Kefasi, ndipo chisoni chinawagwira ndithu, chifukwa mwanayo ankalankhula ngati anthu a kwawo. Pang'onong'ono akanavundukula chiguduli chija. Koma anakumbukira mabedi ndi miphika ya mnzawo wa ku Ntcheu ili pamsewu, mvula ikuwaza, ndipo anaweramira ntchito yawo n'kuyamba kutokosa banala yosatsekeka. Florida anaika pulayimasi ija pansi, natsazika mwaulemu, n'kupita. Madzulo a tsikulo mapulayimasi anabwerera kwa eni ake, ndipo amuna a mulaini anawagulira a Kefasi masese powathokoza kuti apulumutsa mudzi.

Miyezi inadutsa, lole sinabwere. A Kefasi ankati ndi chifukwa cha wilibala yawo, ngakhale kuti galimoto ikaima pafupi ndi nyumba ankasuzumirabe pakatani. Chaka chotsatira anthu anayamba kusimba kuti ku Makoni ndi m'malaini ena akukumba ngalande, ndipo atsitsa mapaipi aakulu oti mwana atha kukwawiramo. A Esnath ankaima pakhomo m'mawa uliwonse kuyang'ana ngati okumbawo afika. Sanafike. Tsiku lina mmodzi wa okumba ngalandewo anabweretsa pulayimasi yake pa Huruyadzo, ndipo pocheza ananena kuti anamva kwa kapitawo wawo kuti laini ya a Kefasi ili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda wa malo oti akumbe. Anati ophunzira anapeza kuti kumeneko anthu amakhala motakasuka, banja limodzi panyumba, ndiye paipi yakale ikukwanira. Munthuyo ankanena mowasirira. Nkhaniyo itafika mulaini, amuna amene anawagulira masese aja anayamba kuwadutsa ndi moni wa pamphuno.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ukali. Chivundikiro chachitsulo chija chinanyamuka chokha, ndipo zonyansa za laini yonse, za eni nyumba ndi za maloja amene sanawerengedwe, zinatsikira kumunsi kumene zinazolowera. Ulendo uno sizinathere pabwalo. Zinalowa m'khitchini, zinalowa m'chipinda cha Ayubu, ndipo phulusa silinathandize kanthu. Anthu a khonsolo anabwera kudzatsegula paipi, osafunsa n'komwe za maloja, koma mvula ikagwanso zinkabwerera. Ayubu ndiye anayamba kusamuka. Anati sangapemphere pamalo otere, ndipo sangadikire kuti khanda lidwale. Anyamata a kufakitale anatsatira. A Kefasi ankagona ataika jombo pafupi, akuuza akazi awo kuti apirire, nyumba ndi yawo ndipo palibe wawachotsa.

Kenaka a Esnath anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, mpaka maso analowa m'kati. A Kefasi anawanyamulira kuchipatala mtima uli m'mwamba, ndipo kwa masiku angapo sankadziwa ngati adzabwerera nawo. Atayamba kupeza bwino, namwino anawaitanira pambali a Kefasi n'kuwafunsa za pakhomo pawo. Atamva, anawauza mosapita m'mbali kuti akawabwezera mayiwa m'nyumba imeneyo mvula isanathe, ulendo wachiwiri sadzatuluka ndi moyo.

Amene anawachitira chifundo anali a Masauko, mkulu wa mpingo wawo, amene anali ndi nyumba ku Makoni ndipo chipinda chake chakumbuyo chinali chitangotsala chopanda munthu. A Kefasi anakhoma nyumba yawo ndi manja awo. Palibe wapolisi anagogoda, palibe anaponya katundu wawo pamsewu. Anamanga okha matilesi, miphika ndi pulayimasi yawo pawilibala yomwe ija, kiyi ali m'thumba, n'kukankha mtunda wonsewo, manyazi atawagwira poona akazi a mulaini ataima m'makomo akuwayang'ana.

Kwa a Masauko pabwalo panali pouma. Pamene panadutsa ngalande panali patamera kale udzu, ndipo chimbudzi chikagujumulidwa madzi ankapita osabwerera. A Esnath anagona pamatilesi, akadali ofooka. A Kefasi anaima pakati pa kachipindako atanyamula pulayimasi, maso akuyendayenda m'makona, chifukwa tsopano loja anali iwo, ndipo sankafuna kuikitsa mnzawo m'mavuto. Anafunsa motsitsa mawu kuti owerenga aja akadzabweranso, pulayimasiyi azidzaibisa pati.

A Masauko anadabwa.

"Kubisa? Ikani pakhomo pomwepo, achimwene, aliyense aziiona. Ife mtsikana uja atabwera tinatulutsa onse, tinawandandalika panja, ena tinawayatsa kumene. Mukuganiza kuti paipi iyi tinaipeza bwanji?"

A Esnath anatembenukira kukhoma. A Kefasi anatuluka, naika pulayimasi ija pakhomo, nagwada kuti aipope. Machesi anathyoka asanayake, ndipo a Masauko ndiwo anawayatsira.