Shuga wa Pamaliro kwa Mayi Rosa

Dzulo m'sitolo ina m'tauni ya Lawrence ndinamva fungo la maluwa achikasu aja amene anthu a ku Mexico amakumbukira nawo akufa. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Ndili mwana mumzinda wa South Bend, kutsidya kwa nyanja, tsiku lina ndinasuzumira pawindo la aneba athu ochokera ku Mexico, Mayi Rosa. Ndinaona makandulo, maluwa omwewa, buledi ndi chithunzi cha bambo wandevu. Ndinathamangira kunyumba.

"Amayi, kwa Mayi Rosa kwagwa maliro!"

Amayi anali atangoweruka kuchipatala, koma sanafunse zambiri. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, natenga paketi ya shuga. "Tiye, tisachite kuitanidwa ngati alendo."

Anayamba kulira tisanafike pakhomo, monga amachitira kwawo ku Dedza. Chitseko chitatseguka, tinapeza anthu akuimba ndi magitala, ana atajambula nkhope zawo ngati zigaza, aliyense akuseka. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Amuna anga anamwalira kalekale," anatero Mayi Rosa. "Lero ndi tsiku limene akufa amadzatichezera, ndiye tawaphikira."

Koma amayi sanatonthole. Anakhala pansi pakapeti n'kumangolirabe. Mayi Rosa anawagwira paphewa. "Inuyo munataya ndani?"

"Amayi anga. Anawaika m'manda ine ndili kuno."

"Bweretsani chithunzi chawo."

Ndinakachitenga ndine. Chinakhala pambali pa bambo wandevu uja, shuga wathu ali patsogolo pake.

Kwa zaka zambiri ndinkachita manyazi kuti ndinanamiza amayi. Pano ndikudziwa kuti sindinaname ayi. Maliro analipodi, kungoti anali athu.