Sowo yanga idzilize yokha? Ayi

Lachiwiri lapitali ndinaitana Esinati, mwana wa malemu mnzanga amene tinkagwira naye ntchito ya njanji, kuti adzandiikire soketi imodzi yokha. Esinati ndi mmisiri wa magetsi pa mgodi wina kufupi ndi tauni ya Kwekwe.

Chipumireni pantchito ndimapala matabwa m'kashedi kuseri kwa nyumba kuno ku komboni ya Mtapa. Magetsi ndimakoka ndi nthambo yaitali yochokera kukhitchini, yodzera pawindo. Ndikayatsa makina opalira kapena sowo, macheka amagetsi aja, filiji imabuula, mayi a kunyumba nawonso amabuula.

Esinati anafika, nayang'ana nthamboyo, osatsegula n'komwe chikwama cha zida. Anatulutsa choko, nandiitana monga amaitanira agogo kuno.

"Sekuru, imani pamene mumaima mukamacheka."

Ndinaima. Analemba pansi. Anafunsa kumene thabwa lalitali limatulukira, makina amene ndimayatsa nthawi imodzi, ndi amene ndikulota kudzagula. Ndinayamba kutopa naye.

"Mwanangu, ndati soketi imodzi."

"Aiwa, ayi ndithu, sekuru. Tabwerani muone."

Anafukula utuchi pansi pa tebulo. Pamene ndinalumikiza nthambo ziwiri ndi tepi panali patada, pulasitiki itasungunuka. Anandigwiritsa. Panali pofunda, chonsecho makina ndinali nditazimitsa kalekale. Pamwamba pake utuchi wouma, kuseri kwa khomalo chipinda chathu chogona.

Kenaka anafunsa funso limene landisowetsa mtendere sabata yonse.

"Magetsi akathima muli pakati pocheka, mumazimitsa sowo?"

Kunena zoona, sindizimitsa. Nthawi zambiri ndimangotukwana n'kutuluka. Ndipo ndani amalowa m'shedimo ine ndikachoka? Mkazi wanga, kudzawola utuchi wa m'khola la nkhuku, manja ali pansi pa sowo pomwepo. Magetsi athu mukuwadziwa, sagogoda pobwera, sowo n'kuyamba kulira yokha.

Masiku awiri otsatira tinagwira ntchito. Shedi ili ndi nthambo yakeyake yonenepa, yochokera pa bokosi lalikulu, yoyenda m'paipi. Makina akuluakulu ali ndi buleka yawo yodula magetsi zikavuta, nyale zili payokha, kuti sowo ikagwetsa buleka ndisatsale mumdima ndi mpeni ukuzungulira. Masoketi ali m'mwamba, kutali ndi utuchi. Waya wopita m'nthaka anauyeza ine ndikuona. Pa sowo anaika swichi yoti magetsi akathima, siyakanso mpaka munthu adine yekha.

Tsono abale anga, chifukwa chiyani timatere? Ukwati timaukonzekera miyezi, ndi misonkhano ya Lamlungu lililonse. Koma magetsi timangolumikiza, tepi pamwamba pa tepi, bola babu layaka. Yendani m'makomboni athu muone: wowotcherera zitsulo, wometa, wosoka, onse nthambo zili pansi ngati mpesa wa maungu. Si umbuli. Ambirife tinazolowera kupeka njira chifukwa moyo unatiphunzitsa choncho, ndipo timanyadira. Ine ndemwe ndinkanyadira tepi yanga ija.

Ndikuthokoza kuti anabwera munthu wosaopa imvi zanga. Akanakhala wina, akanaika soketi imodziyo, n'kundiuza kuti zvakanaka, zonse zili bwino, ine n'kumuyamika.

Ponyamuka ndinamuuza kuti bambo ake akanakondwa. Anaseka.

"Adadi? Iwo ndiye anali oyamba kumanga waya ndi pepala la shuga."

Mkazi wanga anamupatsa nkhuku yamoyo, ine ndalonjeza kumupangira kabati ya mukwa, mtengo uja timati mlombwa.

Nanga inu, pamene munalumikiza ndi tepi paja, munapagwira liti komaliza?