Kukuwa kwa pa Chimbale Chachiwiri

Peggy Chisenga atayamba ntchito ya keya panyumba yosamalira okalamba ku Lewisham, mu London, mu 2006, anzake anamuchenjeza za mayi wa m'chipinda cha kumapeto. "Amenewo ndi Mayi Gladys. Akakuuza kuti kwacha, uyambe wasuzumira pawindo."

Mayi Gladys anabadwira ku Philadelphia, ku America. Anabwera ku London atakwatiwa ndi Mngelezi wogwira ntchito pa sitima yapamadzi, ndipo anakalamba akusoka makatani. Sitiroko inawapha mwendo ndi mkono, koma pakamwa inapalambalala.

M'mawa uliwonse Peggy akamawapesa tsitsi, nkhani inali yomweyo. Akuti mu 1956 iwo ndi atsikana anzawo atatu a pafakitale ya madiresi anali ndi gulu loimba, Thimble Sisters. Mmodzi, Mable, ankatsogolera, enawo n'kumavomera kumbuyo kuti "duu-wa, duu-wa". Chimbale choyamba anajambula masana amodzi kuseri kwa sitolo ya nsapato, onse anayi atapanikizana pa maikolofoni imodzi. Chachiwiri chinamveka pawailesi milungu iwiri. Chachitatu sichinatuluke n'komwe, poti mwini kampani anasowa pamodzi ndi matepi.

Peggy ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo ku Tottenham, ndipo anali asanawamvepo mayiwa akuimba ngakhale mzere umodzi. Anatsimikiza mtima kuti awagwira bodza. Anakapeza Roy, bambo wogulitsa zimbale zakale pamsika, namulembera dzina la gululo pakapepala, akuyembekezera kumva kuti kulibe.

Patapita miyezi inayi, Roy anatulukira m'chipinda cha Mayi Gladys Loweruka masana atanyamula galamafoni ndi chimbale chachiwiri chija. Peggy anachita kukhala pansi. Mayina anayi analipo, la Gladys lili lachitatu.

"Okonda zimbalezi amachifuna chifukwa cha malo amodzi," anatero Roy akuchipukuta ndi kansalu. "Chakumapeto wotsogolerayu amakuwa. Mumve, ndi mtima wosweka weniweni."

Nyimbo inayamba mokanda. Mable ankaimba za mnyamata amene wamusiya, mawu ake ali see ngati madzi a pakasupe. Kenaka anakuwadi, kamodzi, mobaya mtima, n'kupitiriza. Peggy anamva tsitsi kunyenyera.

Mayi Gladys anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mukulira, amayi?"

"Ndilirenji? Si mtima umenewo, mwana wanga. Ndi singano."

Anafotokoza mosafulumira. Sabata yomweyo Mable anali atawalanda Edgar, mnyamata wawo woliza gitala, ndiye n'kudzaima patsogolo pawo kumaimba za kusiyidwa. Mwini kampani anali atanenetsa kuti tepi ndi yochepa, palibe kubwereza. Iwo singano inali pakolala monga mwa masiku onse, ndipo kumbuyo kwa Mable kunali pafupi.

"Koma mtsikana uja anali katswiri, sanaphonye ngakhale liwu," anatero. "Bwezerani pang'ono, bambo. Wa mawu okhuthala amene akulephera kumaliza duu-wa ndi ine. Ndinkaseka."

Roy anawapempha kuti asauze munthu, malonda angaipe. Pofika Lolemba nyumba yonse inali itadziwa, mpaka dokotala.

Peggy sanalekere pomwepo. Anafufuza pa intaneti, napeza mdzukulu wa Mable, ndipo zinadziwika kuti agogowo ali moyo ku Philadelphia komweko. Tsiku lina atatha kudya nkhomaliro anaimba foni n'kuiika m'dzanja labwino la Mayi Gladys. Ankaganiza kuti amva misozi ndi kupepesana, mwakuti anali atakonzeratu mpango.

Amayi awiriwo anakangana ola lathunthu. Anakangana za amene anayamba kuonana ndi Edgar, za diresi lobiriwira lomwe silinabwezedwe, za amene ankaimba mokhota. Edgar mwiniwakeyo anakwatira mkazi wina mu 1959, ndipo onse awiri anagwirizana kuti mkaziyo anali wosaoneka bwino. Pomaliza Mayi Gladys anabweza foni, nkhope ili ngwee.

"Akuti ndiimbenso Lachinayi," anatero. "Sanamalize kunditukwana."