Khoko Lachikhumi ku Springfield

Linali Loweruka ngati Loweruka lina lililonse. Ndinali kuseri kwa nyumba ya alamu anga ku Springfield, ndikuchapa masokosi m'beseni. Makina ochapira analimo m'nyumbamo, koma ine sindinkawakhulupirira. Alamu anatulukira akuzunguza makiyi a galimoto pachala, nati ndisiye zimenezo, lero akandionetsa Amereka yeniyeni. Ndinafunsa kuti tikupita kuti. Anati tikukawombera mfuti. Iwo anaseka. Ine sindinaseke.

Alamuwo ndi a Wedisoni, achimwene ake a mkazi wanga Enelesi. Ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu mu Washington. Ine ndinali mlangizi wa zaulimi ku Ntcheu, ndipo ndinatumizidwa kumaphunziro a masabata asanu ndi limodzi ku Maryland. Loweruka ndi Lamulungu ndinkakagona kwa iwo. Munali m'zaka za m'ma 1980.

Inu obadwa dzulodzuloli simudziwa mmene tinkaopanirana masiku amenewo. Amalawi atatu akakhala pamodzi kunja kwa dziko, aliyense ankaganiza kuti mmodzi mwa awiri enawo ndi kazitape. Mawu olankhulidwa panja pa tchalitchi ku Takoma Park, kufupi ndi Washington, ankafika kumudzi mwini wake asanafike. Ena ankatsika ndege n'kupeza akuwadikira anthu amene si abale awo.

Tsono ine ndinali ndi changa chobisa. Pasipoti yanga inkati ndinabadwira ku Ntcheu. Bodza limenelo. Ndinabadwira tsidya lina la malire, ku Mozambiki, ndipo ndili mnyamata ndinanyamulako mfuti pankhondo ya kumeneko. Enelesi sankadziwa. Ana athu awiri sankadziwa. Zikanamveka kwathu, ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ine akanandiponya kutsidya, banja n'kutsala kuno. Kumeneko ndiye kukanakhala kundichitira chifundo.

M'galimoto ndinayamba kuwapenda alamu. Sabata yapitayo anandifunsa kawiri dzina la mudzi wa amayi anga. Tsiku lina anandiseka kuti Chichewa changa chikununkha malire. Lachisanu madzulo, nditangofika kumene, kunabwera mnzawo wovala tayi, kunja kukutentha chonchija, amene anadya nafe koma osanena ntchito yake. Lero ndi izi za mfutizi. Chilamu n'chilamu, timanyozana n'kuseka. Koma nthabwala zina zimakhala ndi mbedza.

Kukana sikunatheke. Mlendo sakana chimene mwininyumba wamukonzera, nanji ali mlamu amene wakhala akukudyetsa masabata anayi. Komanso kukanako kukanakhala kudzigwiritsa ndekha. Ndinadziuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Malowo anali nyumba yaitali yopanda mawindo, pafupi ndi sitolo yogulitsa matayala. Titalowa anatipatsa mafomu. Mayi wa pakauntala anapempha pasipoti yanga n'kukopera nambala yake m'buku. Alamu anasuzumira pamwamba pa phewa langa. Mwina ankangoona chithunzi. Ine ndinaona ngati maso awo ali pamzere wa malo obadwira.

Wotiphunzitsa anali mzungu wamtali, wandevu za imvi, wolankhula motsitsa. Anandifunsa ngati ndinagwirapo mfuti. Ndinati ayi. Alamu anamuuza kuti uyu ndi mlimi, chida chake n'khasu, ndipo anandimenya pamsana mocheza. Dzanja lawo linachedwa kuchoka.

Mzunguyo anatipatsa magalasi ndi zotseka m'makutu. Anatiuza malamulo atatu. Kamwa la mfuti liziloza kutsogolo nthawi zonse. Chala chisakhudze pokhethemulira mpaka iye atanena. Ndipo pansi pali mzere wachikasu, munthu saudumpha ngakhale zitavuta bwanji. Anatibwerezetsa ngati ana a sukulu.

Unali m'mawa ndithu, pansi anali atangosesa. Kumapeto kwa chipindacho kunali azungu awiri okha. Kutsogolo kwathu kunalendewera pepala lojambulidwa mthunzi wa munthu, mutu ndi mapewa, wopanda nkhope.

Alamu anayamba. Akawombera ankakuwa kuti eya, n'kutembenuka kuti aone ngati ndikuona. Mnyamata wa pamalopo anabwera n'kusesa tizitsulo timene mfuti yawo inalavula pansi. Kenaka inakwana nthawi yanga.

Nzeru zanga zinali zoti ndichite ngati mbuli. Zinandithandiza n'zakuti mfutiyo inali yaing'ono, ya m'manja, ndipo yotereyo ndinali ndisanaigwirepo. Ndinaigwira ngati mbatata yootcha kumene. Mzunguyo anandikonza miyendo, anandiwongola zigongono, anandiuza kuti ndipume. Ndinamulola kuti andikonze zimene thupi langa linkazidziwa kale. Anaika zipolopolo khumi.

Ndinaphonya dala. Ndinalozetsa m'mbali, ndinatsinzina, ndinadzidzimuka mokokomeza. Ziwiri zokha ndi zimene zinakhudza m'mphepete mwa pepala. Alamu anali kufa nako kuseka. Fungo la wonga linandilowa m'mphuno ndi kukhosi, koma ndinalimba mtima. Chipolopolo chachikhumi chitatuluka, ndinaika mfuti pathebulo monga anatiphunzitsira. Mumtima ndinati ndawagonjetsa onse awiri.

Kenaka ndinapezeka nditanjuta pansi.

Mfuti ikalira imalavula kachitsulo kopanda kanthu kamene munali chipolopolo. Ife tinkati khoko. Manja anga anali akutola makoko amenewo, akadali otentha, ndipo pakamwa panga pankawerenga. Sindinawatume. Asanu ndi awiri, asanu ndi atatu, asanu ndi anayi. Lachikhumi panalibe. Ndinafwanthula pansi pa nsapato za alamu. Ndinapapasa m'mphepete mwa khoma. Kenaka ndinaliona likunyezimira kutsogolo, kupitirira mzere wachikasu uja, ndipo ndinakwawira pansi pa thebulo kukalitenga.

Mzungu uja anakuwa mawu amene anadutsa zotseka m'makutu. Anandigwira lamba n'kundikokera m'mbuyo ngati thumba la chimanga. Nyale yofiira inayaka. Azungu awiri aja anasiya kuwombera. Chipinda chonse chinati zii.

Ndinali chikhalire pansi, nkhonya ili chifumbatire. Mzunguyo anagwada, anandivula zotseka m'makutu, nayang'ana dzanja langalo nthawi yaitali. Ukali unali utamuchoka. Anandifunsa motsitsa kuti inali nkhondo iti. Alamu anali pomwepo, atavula kale zotseka zawo. Anamva.

Tinatuluka. M'galimoto alamu analowetsa kiyi koma sanalize injini. Ine ndinali nditatopa. Zaka zonsezo ndikubisa, n'kudzagwidwa ndi kachitsulo kochepa ngati chala! Ndinaganiza kuti ngati akukanena, bola akanene zoona. Ndinayamba kuwauza.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene asilikali a Chipwitikizi anatisamutsa m'midzi yathu. Anatiunjika m'mudzi umodzi wozingidwa ndi waya, kuti tisamadyetse ankhondo a m'tchire. Anyamata anatipatsa mfuti zazitali zakale kuti tizilondera. Ine ndi achimwene anga a Zuze tinalembedwa tsiku limodzi. Sanatifunse.

Anatipatsa mfuti, koma sankatikhulupirira. Ankati timapatsa a m'tchire zipolopolo. Tsono lamulo linali lakuti ukawombera, utole khoko. Pobwera, sajeni ankawerenga pamwamba pa mgolo. Zipolopolo zotsala ndi makoko zikwane nambala imene anakupatsa. Likasowa limodzi, ndiye kuti wagulitsa kwa adani. Tinaphunzira kutola makoko tisanaphunzire kulozetsa mfuti.

Tsiku lina masana tinaperekeza azimayi a m'mudzimo kumtsinje kukatunga madzi. Mfuti zinalira kuchokera kuphiri. Azimayiwo anataya mitsuko. Ife tinawombera m'maudzu osaona munthu, tikubwerera chambuyo. Ine ndinawombera kasanu. Ndinatola makoko anayi. Lachisanu linagwera m'madzi.

Pamzere wa kwa sajeni ndinali kutsogolo kwa a Zuze. Ndinawerenganso makoko anga anayi m'dzanja. Iwo anaona. Anangondigwira dzanja ngati akundikankha kuti ndisunthe, ndipo ndinamva khoko lalowa m'chikhatho changa. Zanga zinakwana. Zawo zinaperewera ndi limodzi.

Anawakweza lole madzulo omwewo, manja atamangidwa ndi chingwe cha mbuzi. Anali atavala malaya obiriwira ong'ambika pathumba. Sanandiyang'ane, kuopa kuti sajeni angaone. Ine ndinangoima pamenepo. Sindinanene kuti khoko losowalo linali langa.

Patapita masiku atatu, a m'tchire anaukira mudziwo m'mamawa. Nyumba za kumunsi zinayaka. Waya anaudula kumbali ya kumanda, ndipo anthu ankatulukira pamenepo atanyamula ana ndi mphasa. Ndinathamangira kwa amayi. Ndinawapeza atakhala pakhomo, atafunda chitenje. Anakana kunyamuka. Anati Zuze akabwera apeza ndani. Ndinawakoka dzanja, anandimenya. Anati pita iweyo.

Ndinapita. Mfuti ndinaiponya m'chimbudzi cha kusukulu. Ndinayenda masiku atatu ndi anthu amene sindinkawadziwa, ndipo palibe anafunsa mnzake dzina. Tinkadya chinangwa chachiwisi chozula m'minda ya eni. Njira zopondedwa tinkazilambalala, chifukwa munkakwiriridwa mabomba. Ndege ikamveka tinkagona pansi pa mitengo mpaka ipite. Mayi wina anabereka kumsana mwana wakufa tsiku lathunthu, ndipo tonse tinkachita ngati sitikudziwa.

Tsiku lachitatu tinafika pamsewu waukulu. Tsidya lake azimayi ankagulitsa mbatata ndi kabichi m'mabeseni, wailesi ikuimba. Bambo wina ankapopa njinga. Ndinafunsa kuti kuno n'kuti. Anati kuno n'ku Malawi. Ndinawoloka msewuwo, ndipo palibe anandiimitsa. Malume ena a kuchikazi amene ankakhala cha kumeneko anandilembetsa kuti ndine mwana wawo. Amayi ndinamva patapita zaka kuti anamwalira m'mudzi wa waya womwewo. Za a Zuze palibe anamvapo kanthu.

Nditamaliza, ndinatsegula dzanja. Makoko asanu ndi anayi aja ndinali nawobe, atandidinda zizindikiro m'chikhatho. Ndinawauza alamu kuti tsopano adziwa, akauze amene anawatuma. Ndinalankhula mwaukali, sindinama. Ndinawafunsanso za mnzawo wa tayi uja.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati wa tayiyo amagulitsa inshulansi, ndipo amawavutitsa mwezi uliwonse. Anati kumfuti kuno amabwera ndi mlendo aliyense wochokera kumudzi, chifukwa zipilala za mu Washington zinawatopetsa, ndipo chaka chatha anabwera ndi abusa. Kaya zinali zoona zonse, sindidziwa mpaka lero. Nthawi imeneyo munthu sankadziwa.

Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Alamu, maliro a achimwene anuwo munakhuza?"

Ndinati ndikanakhuza bwanji, poti ngakhale dzina lawo sindinalitchulepo kwa munthu chiwolokereni msewu uja.

A Wedisoni anachotsa kiyi. Anavula chipewa chawo n'kuchiika pabondo. Anaweramitsa mutu monga timachitira tikafika pasiwa, ndipo anati, "Pepani ndi zovutazi, alamu. Pepani kwambiri." Anangokhala nane.

Ndinalira, abale. Ndinalira mokweza ngati mwana, m'galimoto ya eni, pafupi ndi sitolo ya matayala, azungu akudutsa ndi zikwama zawo za mfuti. Munthu amene ndinkamuyesa kazitape ndiye anali woyamba kundipepesa maliro a mbale wanga. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka.

Poliza injini anati za m'galimoto muno zathera muno, koma mlongo wawo ndikamuuze ndekha, ndipo ndisachedwe.

Masabata awiri otsalawo sindinagone bwino. M'ndege ndinkaganizabe kuti mwina kalata yanditsogolera. Nditatsika, ndinayang'ana nkhope iliyonse ya munthu wovala suti. Palibe anandiitana. Kunja kunali Enelesi yekha, mwana wamng'ono ali kumsana, wamkulu atagwira chitenje chake.

Ndinamuuza tsiku lotsatira, tili kudimba. Anandikwiyira sabata yathunthu, osati chifukwa cha mfuti, koma chifukwa chomubisira za alamu ake, a Zuze. Kenaka anayamba kufunsa kuti anali otalika bwanji, ankakonda kudya chiyani. A Wedisoni anamwalira osauzapo munthu. Ine ndi Enelesi takalamba limodzi. A Zuze anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo manda awo sitikuwadziwa.