Mutu Wanga Unkavomera Wokha

M'ma 90, nditasamuka ku koleji ya zaka ziwiri ku Takoma Park, kudziko la eni, kukachita masamu ku yunivesite, ndinanama ndi mutu, pakamwa pali potseka. Ndikulumbira, zonsezi n'zoona.

Pulofesa wondilandira, bambo aimvi, anandifunsa ngati ndinaphunzira kale masamu otsimikizira kuti yankho ndi loona. Ndinali ndisanawaonepo. Koma kwathu wamkulu akamalankhula umagwedeza mutu movomera, ndiye mutu unachita zimene unaleredwa.

Anandiika m'kalasi yawo yapamwamba. Pabolodi panalibe nambala ngakhale imodzi, zilembo zachigiriki zokhazokha, ndipo choko chinkalira ngati mpeni ukunoledwa. Akafunsa kuti "Tamvana?" ankayang'ana ine. Mutu unkavomera, iwo n'kufufuta. Anzanga, amene anali asanamalize kukopera, anasiya kundipatsa moni. Mmodzi ankasongola pensulo akundiyang'ana pakhosi.

Ndinauza azakhali anga, anesi, kuti ndikufuna kubwerera kalasi yotsika.

"Iwe mwana, mpingo wonse ku Laurel ndinauuza kale kuti ndiwe pulofesa," anatero. "Ukabwerera, ine ndizikapemphera kuti?"

Lachisanu lina pulofesa ananditsekereza pakhomo la kalasi.

"Mutuwu ukundisangalatsa," anatero. "Lolemba ndidzakhala pansi, iweyo udzaphunzitsa. Wolephera kalasi ino amachoka ku masamu, koma iwe zimenezo sizikukukhudza, eti?"

Ndinaumitsa khosi ndi mphamvu zanga zonse, mpaka mitsempha inatuluka. Ndinamva mutu ukutsika pang'onopang'ono, kenako n'kukwera.