Dimba la kumutu kwa mtsinje

Mtsinje wa kwathu, kuseri kwa Lobi, umayambira pa kasupe wa m'tsinde mwa phiri. Nditapuma ntchito ya utolankhani n'kubwerera kumudzi, ndinapeza kuti madzi ake amaphwa tikangokolola chimanga. Chifukwa chake chinali poyera. Mitengo ya katope yozungulira kasupe inali itatha, ndipo pamalopo panali dimba la mbatatesi la amayi ena amasiye, lolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi.

Midzi itatu yomwa mtsinjewo, pamodzi ndi a mpingo, inagwirizana kuti malowo akhale a onse ndipo pabzalidwe mitengo. Nkhaniyo ndinaiyambitsa ndine. Ndinayeza dimbalo ndi mapazi, ndinajambula mapu, zonse ndinalemba m'kope. Komiti itafuna munthu wokalankhula ndi amayiwo, ndinadzipereka.

Ndinapita nditavala jekete. Titalonjerana ndinati, "Amayi, komiti ikufuna kugula dimba lanuli."

Anayang'ana nkhope yanga, kenako nsapato. "Kugula? Mwayesa ndi tomato wa pa msika wa Mayani? Pitani bwino, bambo."

Patatha sabata, msuweni wanga, mlimi wa nyemba amene sukulu anailekera panjira, anapitako yekha atanyamula khasu. Anawathandiza kukumba mbatatesi tsiku lonse osatchula kanthu. Mawa lake ndi pamene anati, "Amayi, ndabwera kudzapempha malo oti mtsinje uzipumirapo." Kwathu malo sagula, amapempha, ndipo wopatsayo amatsala ndi ulemu wake. Zimenezi ndinkazidziwa ndili mwana, koma tauni inandiiwalitsa. Msuweniyo anawadulira mbali ya dimba lake lakumunsi kuti azilima. Amayiwo anavomera.

Msuweni wanga anandipeza pakhomo akuseka. "Asuweni, mabuku onse aja, mawu amodzi okha n'kukusowani?"

"Inunso mwagula," ndinayankha. "Mwalipira ndi dimba, basi."

"Kawauzeni amayiwo zimenezo, tione ngati jekete mubwera nalo."

Tsiku lobzala mitengo, amayi a m'midzi itatu ija ankaimba dzina la msuweni wanga akutsira madzi mbande. Pa mapu anga wina anakhalapo chifukwa pansi panali ponyowa. Anamusankha kukhala wapampando wa komiti, ine n'kundipatsa ulembi, ati chifukwa ndimalemba bwino. Ndinaomba m'manja ngati ena onse, koma mtima unkandiwawa. Munthu woti sadziwa kuti katope amasungiranji madzi!

Polemba zomwe tinakambirana, dzanja langa linakana kulemba dzina lake. Ndinalemba kuti, "Malo a kumutu kwa mtsinje anapezeka." Palibe bodza m'chiganizo chimenecho, ndipo utolankhani unandiphunzitsa kubisala m'ziganizo zotere.

Pa msonkhano wotsatira ndinawerenga mokweza, mofulumirirapo pang'ono. Amayi amasiye aja, amene anali atakhala kumbuyo, anakweza dzanja.

"Alembi, mwati malo anapezeka. Kodi anali atatayika?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Msuweni wanga sanaseke, anangondibwereka bolopeni yake. Ndinafufuta mzerewo onse akuona, n'kulemba amene anapempha ndi amene anapatsa. Amayiwo anati ndiwerengenso, popeza makutu awo ndi okalamba. Ndinawerenga kawiri.