Chaka Chimene Ndinkaopa Kukolola

Tinabwerera kwathu mtendere utangoyamba kukhazikika, ine ndi mwana wanga wamkazi, pa bwato la asodzi a pa nyanja ya Chiuta. Pothawira ku Malawi tinali atatu. Mkazi wanga tinamusiya tsidya lija, m'manda a pafupi ndi msasa wa othawa nkhondo, atadwala chifuwa nyengo yozizira. Katundu wathu anakwana m'thumba limodzi, ndipo mwana anafukata poto wa mayi ake ulendo wonse.

Ndinalunjika kumudzi kwa mkazi wanga, pakuti ndinali mkamwini ndipo nyumba ndinamanga kumeneko. Kwathu kwenikweni ndi kutali, kupitirira Insaca, ndipo za abale anga ndinali nditamva zochepa, zosakondweretsanso. Nyumba tinaipeza itagwa denga, mpoza utamera pakati pa chipinda. Mlamu wanga, mchimwene wa malemu, amene nkhondo yonse anaithera m'mabango a m'nyanja osawoloka malire, anatilandira natibwereka khasu ndi nkhwangwa. Anali munthu wa mawu ochepa monga ine.

Tsiku lina tikufolera denga, anati osandiyang'ana, "Alamu, tikakolola tidzakusudzulani. Mwavutika mokwana."

"Ndamva, alamu," ndinayankha.

Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamunayo kuti abwerere kwawo, koma ana amatsala, chifukwa ndi a mbumba ya mayi wawo. Mwambowo sindinkautsutsa. Koma mwanayo ndi yekhayo amene ndinatsala naye, ndipo mkamwini sapempha malo pamudzi pamene amene anamubweretsapo wagona m'manda. Ndinkapemphera kolona popita kumunda m'mawa, osauza munthu kanthu. Chaka chimenecho ndiyenera kuti ndinali mlimi yekhayo amene mtima unkamugwa poona chimanga chikutulutsa ngayaye.

Mwana nayenso anali ndi ake mavuto. Anali wamkulu ndithu, woti akhoza kusenza ndowa yodzaza, koma ku sikola anamuika pamodzi ndi tiana tamamina chifukwa sankadziwa Chipwitikizi. Pulofesolo, mphunzitsi wawo, akalowa, iye ankaimirira n'kupereka moni wa Chingerezi umene anazolowera tsidya lija, anzake n'kufa nako kuseka. Ankamutcha Mmalawi. Anayamba kukhala chete, ndipo nyumba yathu inasanduka ya anthu awiri osalankhula.

Nthawi imeneyo amayi a kutchalitchi kwathu ndi amayi a kumzikiti wa kugombe anali atapanga kagulu kothandiza obwerera. Analibe zambiri. Ankasonkha mitengo ya chinangwa yobzala, matemba ouma ndi zitenje zakale, ndipo anapempha nkhalamba ina imene inaphunzitsapo kale kuti masana iziphunzitsa ana obwerera Chipwitikizi pansi pa mtengo wa mango. Mtsogoleri wawo anali mkazi wa msodzi, Msilamu, wamtali ndi wojintcha, wa mawu omveka mpaka kumabwato. Chichewa chake chinkatuluka chosakaniza ndi Chiyao, makamaka akapsa mtima.

Mayi ameneyu anaona kuti ana obwerera ankangolandira, maso ali pansi. Tsiku lina anawafunsa pansi pa mtengo paja, "Inu, ku Malawiko munkangodya ufa wa mphatso basi? Palibe chimene munabwera nacho choti ifenso tikupempheni?"

Mwana wanga, amene anali asanatsegule pakamwa pagulu chibwerere, anati, "Ntchemberembaye."

"Amadyera chiyani chimenecho?"

"Si chakudya, mayi. Ndi mpira wa atsikana. Woponya ndi manja."

Kuno mpira umenewu sunkadziwika. Mpira unali wa anyamata, wa miyendo. Mayi uja anaugwira mutu wa nkhaniyo tsiku lomwelo. Malo anavuta, chifukwa patchire paliponse tinkaopa mabomba okwirira, choncho anakakamiza amuna a kugombe kuti apereke mbali ina ya bwalo loyanikapo nsomba, pamene mapazi a anthu anapondaponda zaka zonse za nkhondo. Anazika nsungwi ziwiri, pamwamba pake n'kumangirira mikombero ya ndowa zobooka. Mpira anaukulunga ndi mapepala a pulasitiki ndi ukonde wakale. Mizere anailemba ndi phulusa.

Chinasowa ndi woweruza. Atsikana obwerera ankadziwa kusewera koma ankakangana pa malamulo, aliyense ndi ake.

"Bambo anga amawadziwa," anatero mwana wanga.

Zinali zoona. Kumsasa kuja mkazi wanga ndiye ankaponyera zigoli timu ya amayi, ndipo ine ndinkakhala pambali Loweruka lililonse nditamugwirira chitenje ndi nsapato. Malamulo anandilowa osawafuna.

Mayi uja anandipeza ndikupalira. Ndinakana. Ndinati ndine munthu wamkulu, wotsogolera mapemphero a m'limana, sindingamathamange pakati pa atsikana.

"Bambo, Mulungu wanuyo analetsa pati?" anatero. "Sindikukupemphani kuvina. Muzingoima ngati chitsa, monga mumachitira kale, koma muli ndi apitu pakamwa."

Apitu ndiye wezulo. Anandipatsa wachitsulo, wadzimbiri, wonunkha nsomba. Ndinamulandira chifukwa cha mwana.

Masabata otsatira ndinaona zimene sindinkayembekeza. Atsikana omwe ankamuseka mwana wanga anayamba kumuitana kuti awaonetse kaimidwe poponya. Iye ankawaphunzitsa kudumpha, iwo n'kumamukuwira mawu a Chipwitikizi pakati pa masewera, ndipo mawuwo iye ankawagwira msanga kuposa pansi pa mtengo wa mango. Kunyumba anayamba kuimba akutsuka mbale. Ine ndinkathokoza Mulungu, koma chimanga chinali chitayamba kuuma.

Loweruka lina amayi a kagulu kaja anati nawonso asewera, apikisane ndi atsikana. Anthu anadzaza, asodzi atakhala pa mabwato ogadabuzidwa. Mlamu wanga anabweranso, anaima patali atatsamira njinga yake. Mpira utangoyamba, mtsogoleri uja anauwakha, n'kuupana m'khwapa ngati nkhuku yakuba, n'kuyamba kuthamanga nawo kulinga ku nsungwi.

Ndinaimba apitu. Sanaime. Ndinaimbanso, ndipo ndinangozindikira ndikumuthamangira ndikukuwa, "Mayi, sayenda nawo! Sayenda nawo mpira!"

"Nanga ukafika bwanji uko? Uli ndi miyendo?"

"Muponyere mnzanu!"

"Mnzanga uti? Uyu manja ake ngoterera ngati mlamba!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Inenso ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pa phulusa, misozi ili mbwembwembwe. Chiikire maliro ndinali ndisanaseke choncho.

Mayi uja, akupuma mwawefuwefu, anandiloza nati, "Imbani, imbani apitu wanuyo! Si paja mukakolola mukupita kwanu? Tidzapumako, tizidzathamanga nawo mpaka m'madzi!"

Ankangocheza. Nkhani ya kusudzula inkadziwika mudzi wonse, ndipo aliyense ankayesa kuti ndi yomwe ndinkafuna. Koma mwana wanga anatola mpira uja n'kuumenyetsa pansi.

"Akapita bambo, inenso sindikhala," anatero mokweza. "Ndibwerera kumene kuli manda a amayi. Amalume amve."

Kuseka kunatha. Mwana salankhula choncho pamaso pa amalume ake, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Mayi uja anamukumbatira mwanayo m'chitenje, akung'ung'udza m'Chiyao. Ine ndinaimba apitu kuti masewera apitirire, chifukwa sindinadziwe china chochita.

Pobwerera, mlamu wanga anandidikira panjira. Sanakwere njinga, anaikankha pambali panga. Tinayenda limodzi mtunda ndithu.

"Alamu," anatero potsiriza, "kodi simufuna kupita?"

"Sindinanenepo kuti ndikufuna."

"Simunanenenso kuti simukufuna."

"Mkamwini anganene bwanji?"

Anaima, n'kupukusa mutu. Anati chibwerere changa ankandiona ndikuyenda wowerama, osaseka, osadya bwino, ndipo ankaganiza kuti mudzi wa mlongo wake ukundilemera, kuti khomo lililonse likundikumbutsa maliro. Anati anthu ena anayamba kunena kuti akundisunga dala kuti ndizimulimira. Ndipo anali ndi chisoni chake, choti mlongo wake ndinamuika ndekha kudziko la eni, iye kulibe. Choncho anaona kuti chabwino chimene angandichitire ndi kundimasula msanga.

"Lero ndakuonani mukuthamangitsa mayi uja," anatero, pakamwa pakufuna kuseka. "Munthu wofuna kuchoka sathamanga choncho."

Ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera kutali. Ndinangoti, "Zikomo, alamu," ndipo ndinabwerezanso.

Titakolola, mwambo unachitika ndithu, pakuti malemu ayenera kulemekezedwa. Amayi a mbumba anasonkhana pakhonde, anandithokoza posamala mwana wawo mpaka kumanda, nandiuza kuti ndine womasuka. Kenako wamkulu wa iwo anati womasuka amapita kumene wafuna, ndipo akafuna kukhala, amakhala. Mlamu wanga ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundilozera munda kuyambira pa chulu mpaka kudambo.

"Khasu lija musabweze," anatero.

Mvula isanagwe tinawoloka nyanja atatu, ine, mwana ndi amalume ake, kukalambula pamanda. Mlamu wanga anagwada nthawi yaitali, ife tinamudikira pamthunzi. Madzulo ake tinabwerera tonse pa bwato lomwelo.

Apitu uja ndinakhala naye zaka zambiri, mpaka mawondo atayamba kukana. Mwana wanga anamaliza sikola ku Insaca. Mayi uja sanaphunzire konse kuima ndi mpira, ndipo Loweruka lililonse tinkakangana pa nkhani yomweyo.